Mzere wa kuchigayo: mmene ntchito ya anthu adongo ikuyendera

Meyi, kumayambiriro

Mvula yaleka, dambo layamba kupondeka, ndiye ntchito ija ndakhala ndikuinena yayambika. Ndikuumba gulu la anthu adongo ataima pamzere wa kuchigayo: amayi osenza matumba, mtsikana wokhalira ndowa, wina woyamwitsa, ndi mnyamata wotsamira njinga. Njingayo sindidzaiumba, idzadziwika ndi mmene iye waimira. Aliyense asapitirire masentimita 40 kutalika. Sindikufuna zosalala ngati ziboliboli zimene timagulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu. Ndikufuna zala zizioneka m'dongo, munthu azioneka ngati akusuntha phazi chifukwa chotopa ndi kudikira.

Njira imeneyi ndikuitengera kwa amisiri amene anagwira ntchito ku Albisola, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Italy, pafupi ndi Savona, kuyambira m'ma 1930 kukafika m'ma 1960. Kumeneko anthu akhala akuumba miphika ndi mbale kwa zaka mazana angapo. Giuseppe Mazzotti anatsegula fakitale yake ya zoumba mu 1903, ndipo mwana wake Tullio, amene anatchuka ndi dzina loti Tullio d'Albisola, ndiye anayamba kuitana ojambula ndi osema kuti abwere adzayese dongo. Ankapeza zonse zili pomwepo: dongo lopondaponda kale, utoto, ng'anjo, ndi anthu odziwa moto.

Amene ndikumuyang'ana kwambiri ndi Lucio Fontana. Ambiri amam'dziwa chifukwa cha nsalu zojambulapo zimene ankazicheka ndi mpeni kuyambira 1958, koma pofika pamenepo n'kuti ataumba dongo kwa zaka zoposa 20. Anabadwira ku Rosario, m'dziko la Argentina, mu 1899. Bambo ake anali osema ziliza za kumanda, ndipo Fontanayo ku Milan anaphunzira kwa Adolfo Wildt, wosema amene ankapukuta mwala mpaka uzinyezimira popanda pokanda paliponse. Wophunzirayo anatulukamo n'kumachita zosemphana ndi aphunzitsi ake.

Meyi, pakati

Dongo ndikulitenga kumtapo wa agogo ena a kutsidya kwa mtsinje, amene akhala akuumba mbiya kuyambira utsikana wawo. Nditawafotokozera chimene ndikufuna anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Aphunzitsi, bambo wamkulu ngati inu kumaumba tiana tadongo? Zimenezo si za anyamata oweta ng'ombe?"

Ndinawayankha kuti ndi zomwezo, agogo, kungoti zanga n'zazikulupo. Anaseka, n'kundilozera pokumba. Dongo lapamwamba analikana, ati lili ndi mizu yambiri, n'kundiuza kuti nditsike mpaka pamene likuoneka lotuwa ndi lomata.

Kakonzedwe kake n'kamene amachitira mbiya: kulinyika, kuchotsa timiyala ndi mizu, kuliponda, kenako kuthiramo mapale osinja. Mapalewo ndi dongo lopsa kale, ndiye sakhwinyatanso, ndipo amasiya tinjira totulukira nthunzi. Ndinaumba timatabwa tadongo toyesera n'kulembapo mzere wa masentimita 10. Lopanda mapale litauma mzere uja unatsala masentimita 9. La mapale linakhwinyata pang'ono chabe, ndipo silinapindike m'mbali. Pa mbiya agogo amasinja mapale mpaka akhale ngati mchenga wosefa. Ine ndawapempha kuti ena atsale okhakhala, chifukwa chala chikadutsa pa dongo lotero limang'ambika mokongola, silitereratu.

Meyi, kumapeto

Ndakhala ndikukulitsa pakompyuta zithunzi za Njira ya Mtanda imene Fontana anaumba mu 1947, chaka chimene anabwerera ku Italy atakhala ku Argentina nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Ndi magawo 14, monga mmene zilili m'tchalitchi chilichonse cha Akatolika. Koma mukayang'ana koyamba simuona Yesu, simuona asilikali. Muona dongo lotukusidwa, lofinyidwa, lonyezimira, ngati likuwira. Maso akazolowera m'pamene mtanda umatuluka, kenako msana wowerama, kenako dzanja lokwezedwa. Nkhope palibe, pali pamene chala chachikulu chinadina. Komabe mukudziwa amene akumenya ndi amene akumenyedwa.

Zoterezi sizitheka pang'onopang'ono. Ndaona pa zanga: ndikakhalitsa pa munthu mmodzi, dzanja limayamba kukonza mphuno, kusalaza phewa, kuwerenga zala, ndipo munthu uja amafa, amasanduka chidole. Ndiye ndadziikira lamulo. Chida ndi manja ndi kamtengo kamodzi basi. Dongo likangoyamba kulimba m'manja ndisiye, ngakhale mkono wina usanathe. Mayi wosenza thumba amene ndamuumba motero alibe maso, koma khosi lake lalowa m'mapewa monga mmene limachitira pansi pa makilogalamu 50 a chimanga, ndipo mwana wa aneba atamuona anangoti, "Awa akupita kuchigayo." Zandikwanira.

Juni

Vuto lafika pamene ndimaliyembekezera. Munthu woumbidwa mwachangu amakhala chibuma, dongo lokhalokha mpaka m'kati. Chibuma chokhuthala kuposa zala ziwiri sichiuma m'katimo ngakhale kunja kuoneke kouma, ndipo pamoto chimaphulika. Njira yodziwika ndi yodikira kuti chilimbe pang'ono, kuchidula pakati ndi waya, kukolopola za m'kati mpaka khoma litsale la sentimita imodzi kapena iwiri, n'kuchimatanso ndi phala la dongo. Zimatheka, koma pomata paja mapazi a zala onse amafufutika, ndipo ukayesa kuwabwezeretsa zimaoneka kuti ndi zabodza. Chala chodina chifukwa chikufunafuna phewa n'chosiyana ndi chala chodina pofuna kubisa msoko.

Yankho ndalipeza kunja kwa Albisola, kutsidya kwa malire, ku Vallauris m'dziko la France. Wojambula wotchuka Pablo Picasso anafika kumeneko mu 1946, n'kubwereranso mu 1947 kudzagwira ntchito pamalo oumbira a Madoura, a Suzanne ndi Georges Ramié. Picasso sankaumba yekha mitsuko pa gudumu lozungulira loumbirapo. Ankaumba anali mmisiri wa pamalopo, Jules Agard. Botolo ladongo likangochoka pa gudumu lili lofewa, Picasso ankalitenga n'kulifinya m'chiuno, kupinda khosi, kutsina mutu, ndipo botolo lija limasanduka mkazi wogwada kapena nkhunda. Chinthucho chinali chobowoka kale m'kati, khoma lake lofanana paliponse, ndiye moto sunkalimbana nacho.

Ndinapita nazo kwa agogo. Gudumu alibe, amaumba ndi manja, kukoka dongo m'mwamba n'kumawonjezera mikombero, koma khoma la mtsuko wawo ndi lofanana kuposa limene ine ndingakolopole ndi supuni. Ndinawapempha mtsuko wautali, wowonda, wa pakamwa pang'ono, asausalaze, andipatse ukadali wofewa. Atandipatsa ndinaugwira m'chiuno n'kuufinya, kuuweramitsa, kutseka kukamwa kuti kukhale mutu.

"Mayo ine! Mtsuko wabwinobwino mwaupotoza!"

Anadandaula, koma sanachoke. Wachiwiri anaukhuthalitsa pansi osauzidwa, ati munthu woweramira kutsogolo agwa chafufumimba ngati matako ake ndi opepuka. Wachitatu anausiyira dongo lambiri mbali imodzi ya khosi kuti ndipezepo poumbira mwana wakumbuyo. Anandikumbutsanso kuboola kachibowo pansi ndi kena kuseri kwa khutu kuti mpweya upeze potulukira. Pofika madzulo sizinkadziwikanso kuti woganiza ndani, wothandiza ndani.

Apa ndipamene ndikusiyana ndi mmene nkhani ya amisiri aja imakambidwira. Olemba amatama liwiro lawo, kulimba mtima kwawo, kusasamala kwawo malamulo a oumba mbale. Zonsezo n'zoona. Fontana mwiniwake analemba mu 1939 kuti iye ndi wosema, osati woumba miphika, ndipo ndikumvetsa chimene ankakana: sankafuna kuti ntchito yake iziyesedwa ndi muyeso wa kapu ya tiyi. Koma iye ankatha kuumba mwaukali masana n'kuchoka, chifukwa panali wina wotsala amene ankadziwa kuti chinthucho chiume masiku angati, chiikidwe pati m'ng'anjo, moto ukwere liti. Liwiro lija linkatheka chifukwa wina ankadekha m'malo mwake. Dzina la Agard tikulidziwa, la Suzanne Ramié tikulidziwa. Osonkha moto ndi opondaponda dongo a ku Albisola ambiri sapezeka pa chikwangwani cha m'nyumba zoonetsera zaluso.

Julayi

Chiperoni. Palibe chikuuma, ndipo n'zabwino, chifukwa kuuma msanga ndiko kumabweretsa ming'alu pamene dzanja lowonda lakumana ndi thupi lonenepa. Zonse zili m'chipinda chamdima, zofunditsidwa masaka, manja ndi mitu nditazikulunga ndi mapepala apulasitiki kuti zidikire thupi. Ntchito ya mwezi uno ndi kutembenuza ndi kuyang'ana basi.

Ogasiti, kumayambiriro

Tawotcha gulu loyamba, pamoto wapabwalo monga mmene agogo amawotchera mbiya zawo. Poyamba anaziika padzuwa tsiku lonse, kenako m'khitchini pafupi ndi mafuwa kuti zimve kutentha ndi utsi. Madzulo mphepo itagwa anaziyala pamiyala, kuzizinga ndi makungwa ndi nkhuni zing'onozing'ono, pamwamba udzu wouma. Moto wotere umakwera msanga n'kutha msanga, ndipo kutentha kwake kumakhala pakati pa madigiri 600 ndi 900, mbali ina kwambiri, mbali ina pang'ono.

Zotsatira zagawika pawiri mooneka bwino. Anthu ochokera ku mitsuko ya agogo atuluka amoyo, kupatula mmodzi amene wathetheka pa phewa. Aja ndinawadula ndi waya n'kuwamatanso avulala pafupifupi onse. Mnyamata wa njinga wang'ambika potsata msoko weniweniwo, kuyambira pamutu mpaka m'chiuno. Mayi wosenza thumba uja waduka mutu, ndipo thumba lake, limene linali lokhuthala kuposa china chilichonse, linaphulika moto utangogwira, tinamva kulira kwake tili chapatali.

Pali malo awiri oopsa. Oyamba ndi pamene madzi otsalira m'dongo akusanduka nthunzi, cha pa madigiri 100. Nthunzi ikasowa njira imadzipangira yokha, ndicho chinachitikira thumba. Achiwiri ali pa madigiri 573, pamene timchenga ta m'dongo timafufuma mwadzidzidzi, n'kudzabwereranso pozizira. Ngati mbali yowonda yafika pamenepo mbali yokhuthala ikadali m'mbuyo, zimakokana mpaka china chigonje. Mu ng'anjo yotsekedwa mmisiri amadutsa malo amenewa mwapang'onopang'ono kwa maola ambiri. Pamoto wapabwalo palibe kudikira, ndiye chinthucho chiyenera kukhala chokonzekera kale: khoma lowonda, lofanana, la mapale okwanira. Mbiya inapangidwira moto umenewu. N'chifukwa chake munthu wobadwa kuchokera ku mtsuko wapulumuka.

Agogo anatola mutu wa mayi uja m'phulusa, kuuyang'ana, n'kuuponya m'dengu la mapale. Ati usinjidwa ulowe mwa wotsatira.

Ogasiti, kumapeto

Tsopano nkhani ya mtundu, ndipo pano ndiyenera kukamba za Leoncillo.

Leoncillo Leonardi anabadwira ku Spoleto mu 1915 n'kumwalira ku Rome mu 1968, chaka chomwe Fontana anamwaliranso. Mosiyana ndi Fontana, iye ntchito yake yonse anaiika pa dongo, ndipo anagwirapo ntchito m'fakitale ya zoumba ku Umbertide, ndiye moto ankaudziwa yekha. Nthawi ya nkhondo anali kumbali ya olimbana ndi ulamuliro wa Mussolini ndi asilikali a Germany. Mu 1944 anaumba mayi wa ku Rome wophedwa ndi asilikaliwo, atagona pansi. Zaka khumi zitadutsa anapatsidwa ntchito youmba chikumbutso cha amayi a m'chigawo cha Veneto amene anamenya nawo nkhondo ya m'tchire. Zikumbutso zotere zimakhala zamwala kapena zamkuwa, zamtundu umodzi, zoti munthu avule chipewa. Iye anaumba mkazi wadongo wopakidwa mitundu yowala, akuyenda, thupi lake logawika m'zigawo zakuthwa, pakhosi atamanga mpango wofiira.

Mpango uja unavuta. Wofiira unali mtundu wa magulu a Chikomyunizimu, pamene omenya nkhondoyo anali a zipani zosiyanasiyana. Leoncillo anaumbanso china cha mpango wakhofi, ndipo chimenecho ndicho chinaimikidwa m'munda wa boma ku Venice mu 1957, pa tsinde limene anakonza katswiri wa zomangamanga Carlo Scarpa. Mu 1961 anthu otsatira maganizo a chifasisti, a Mussolini aja, anachiphulitsa ndi bomba. Cha mpango wofiira chija, chimene chinakanidwa, ndicho chilipo lero, m'nyumba ya zaluso ya Ca' Pesaro mumzinda womwewo.

Ife a kuno nkhani ya mpangoyi sitifunika kuifotokozeredwa kawiri. Mayi akafika pamaliro kapena pamsika atavala chitenje cha chipani, mtundu wokhawo walankhula kale iye asanatsegule pakamwa. Ndiye pa anthu anga a kuchigayo sindingatenge mtundu ngati chokongoletsera chabe. Mzere wa kuchigayo wopanda zitenje zowala ndi mzere wa mizukwa.

Koma mitundu ya Leoncillo ndi Fontana imachokera ku glezi, madzi a utoto amene amasungunuka pamoto n'kusanduka galasi. Ku Italy amayamba awotcha choumbacho, kenako kuchiviika mu glezi woyera wokhala ndi tini, kupakapo mitundu ya zitsulo, kopa wopereka zobiriwira, kobati wa buluu, manganizi wa zofiirira zakuda, n'kuwotchanso kachiwiri pafupi ndi madigiri 1,000. Kunyezimira kwa ngati mafuta pamadzi kumene kuli pa zina za Fontana kumafuna moto wachitatu, wa utsi wambiri ndi mpweya wochepa. Moto wa udzu sungafike pamenepo, ndipo phulusa lingamatirire pa glezi. Chinanso, glezi wambiri wa nthawi imeneyo anali ndi mtovu, umene umathandiza kusungunuka msanga koma ndi poizoni kwa wopaka ndi kwa ana osewera pafupi. Umenewo sulowa pakhomo pano.

Zimene ndili nazo pakali pano ndi zitatu. Katondo wosungunula m'madzi, wopaka choumba chisanaume, amapsa mofiira. Dongo loyera limatuluka lotuwa ngati silinakhudzidwe ndi utsi. Ndipo pali madzi a makungwa owiritsa, amene agogo amawaza ndi kanthambi pa mbiya ikangochoka pamoto ili yotentha, n'kusiya mawanga akuda. Ndayesa kupaka katondo ndi dongo loyera m'mizere yokhuthala pa chitenje cha mayi woyamwitsa, ndi zala, mosasamala malire. Chatuluka chofiira ndi chotuwa, mbali imodzi yodetsedwa ndi utsi pamene chikuni chinagonera. Si Leoncillo, buluu ndi chikasu palibe, koma chitenje chikuoneka kuti ndi chitenje, chakale, chochapidwa kambirimbiri. Kwa ameneyu ndasiya pomwepo. Kwa mtsikana wa pandowa, amene ayenera kuvala chatsopano, ndikufunabe glezi.

Seputembala

Mnzanga wina ataona zithunzi anandifunsa chifukwa chimene sindikuumba chinthu chimodzi chachikulu cha pakhoma m'malo mwa tianthu timeneti. Anali ndi Asger Jorn m'maganizo. Jorn, wa ku Denmark, mmodzi mwa oyambitsa gulu la ojambula lotchedwa Cobra mu 1948, anafika ku Albisola mu 1954 atachira chifuwa chachikulu, ali wosauka kwambiri. Chaka chomwecho anakonza msonkhano wa amisiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana pa fakitale ya Mazzotti, pamene panali Karel Appel, Corneille, Roberto Matta, Enrico Baj ndi Fontana yemwe. Mu 1959 anaumba khoma lonse la sukulu ya sekondale ya boma ku Aarhus, mamita 27 m'litali ndi mamita pafupifupi 3 m'mwamba, lodzaza zilombo ndi nkhope zotuluka m'dongo. Dongolo analiyala pansi pa fakitale ya San Giorgio, n'kumaliponda, kulimenya, mpaka kuyendetsapo njinga yamoto kuti matayala asiye mizere.

Ya njinga yamotoyo ndi imene aliyense amaikumbukira. Ine chimene chimandigwira mtima ndi chimene chinatsatira. Khoma lija linadulidwa m'zidutswa zoposa 1,000, chilichonse n'kukolopoledwa kumbuyo, kuumitsidwa, kupakidwa, kuwotchedwa, kulembedwa nambala, kutumizidwa ku Denmark n'kukalumikizidwanso. Imeneyo inali ntchito ya Eliseo Salino ndi anzake a pa San Giorgio, fakitale imene inali itangotsegulidwa chaka chimodzi m'mbuyomo. Mnzangayo ndamuyankha kuti ndikadzapeza anthu ndi ng'anjo zotero tidzakambirana. Pakali pano tili awiri, ndipo mmodzi wa ife amadandaula msana.

Pamene ntchito yafika ndi apa. Opsa bwino alipo okwanira theka la mzere. Mnyamata wa njinga aumbidwanso kuchokera ku mtsuko, ndipo agogo akuti amupangira wopendekeka kale kuti ndisachite kumukankha kwambiri. Thumba la mayi uja likhala kamphika kapadera kobowoka, kodzaika pamutu zonse zitapsa.

Takambirananso za malipiro ndi dzina. Agogo ankafuna mtengo wa mtsuko wamadzi pa uliwonse. Ndinawauza kuti mtsuko wamadzi sauganizira kumene munthu adzaweramire, ndipo tagwirizana mtengo wokwererapo, kuphatikizapo gawo lawo ngati zidzagulidwe. Za dzina anakana, ati salemba ndipo safuna kutchuka ndi zidole. Koma mbiya zawo zonse zili ndi timizere tawo todula m'khosi, timene aliyense wa kuno amatizindikira pamsika. Avomera kuti timeneto tizikhala pansi pa munthu aliyense, pambali pa zilembo zanga.

Chatsala ndi ng'anjo yaing'ono yanjerwa, ya moto wolowera pansi n'kutulukira pamwamba, yongokwana anthu adongo atatu kapena anayi. Njerwa zowotcha ndagula kale, womanga abwera sabata yamawa. Nkhuni ndi zodula ndipo phiri lathu layera kale, ndiye ndikusonkhanitsa zitsononkho ndi utuchi wa kwa akalipentala zoyambira moto, nkhuni zikhale zomalizira. Ndaitanitsa glezi wopanda mtovu ndi choyezera kutentha kudzera kwa mlamu wanga wa ku Johannesburg, ndipo ndikufuna kuyesanso dongo la ku Linthipe, ku Dedza, limene limapirira moto waukulu, kuti ndione ngati glezi angaligwire bwino kuposa la kumtapo kwathu. Timatabwa toyesera tiyambe tapsa, mtsikana wa pandowa alowe pambuyo. Zonsezi zichitike Okutobala asanathe, chifukwa mvula ikangogwa agogo amasiya dongo n'kupita kumunda.